Masamu a Pazenera

Ine ndi masamu tinasiyana kalekale, ndili fomu thu, ndipo palibe amene anafunanso mnzake. Nditatumizidwa ku Mzimba kukaphunzitsa Chichewa pa sekondale ina yoyendera kumapeto kwa Boma, ndinkati ntchito yanga ndi miyambi ndi magulu a mayina basi. Ntchito imeneyo payokha inali yokwanira kundimeretsa imvi. Tangoganizani, mayi wa ku Dowa kuima pamaso pa ana oti kunyumba, kumsika ndi kutchalitchi amayankhula Chitumbuka, n'kumawauza kuti chimene alembacho si Chichewa. Ankandiyankha kuti “yewo, Madamu”, ndiye zikomo wa kumeneko, mwaulemu wonse, mawa n'kulembanso zomwezo.

Mu fomu fili munali mtsikana wina wamkulupo kuposa anzake. Ndikuti mtsikana chifukwa cha yunifolomu, koma anali mayi wa mwana mmodzi, wolowoledwa ndi ng'ombe kumudzi wina wa ku Edingeni. Anasiya sukulu atatenga pakati. Kenaka mwamuna wake anapita ku Joni monga amachitira anyamata ambiri a kumeneko, ndipo ndi mwamunayo amene anaumirira pa foni kuti mkazi wake abwerere ku sukulu adzakhale mphunzitsi. Makolo a mwamunayo anavomera monyinyirika. Anati ayese kamodzi kokha. Akakhoza bwino fomu folo apite ku koleji, akalephera abwerere kumudzi akagwire khasu, ndipo nkhani ya sukulu isadzamvekenso pakhomopo. Tsono ku koleji ya aphunzitsi satenga munthu amene wagwa masamu, ndipo mtsikanayu masamu ankagwa chagada.

Ankachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba imene ndinkakhala, mwana atamusiya kwa agogo ake kumudzi. Choncho ndinkamuona m'mawa ndi madzulo. M'kalasi mwanga anali wolongolola, wokonda kutsutsa, moti nthawi zina ndinkachita kumuuza kuti apatseko anzake mpata. Aphunzitsi a Chingerezi ankamutama, a zaulimi ankamutama. Koma pepala la masamu likabwera, malikisi ake anali oti sindingawatchule pano. Ndinamukalipira kangapo konse, ndikumufunsa ngati mutu wake umatsala kunyumba pa piriyodi ya masamu. Iye ankangoyang'ana pansi n'kunena kuti ayesetsa.

Tsiku lina ndikudutsa panja pa kalasi yawo nthawi ya masamu, ndinasuzumira pazenera. Ana onse maso anali ku bolodi. Wanga uja anali pa desiki la kumapeto kwenikweni, atamanga chitenje pamwamba pa siketi ya yunifolomu, atakhala chammbali, nkhope kukhoma. Ankalemba ndithu, koma ankalemba zimene akumva ndi makutu, osaona chimene chili pa bolodi. Ndinaima pamenepo kanthawi ndipo ndinaonanso china. Aphunzitsi ankayenda m'mizere yonse kuchonga makope, koma atafika pa mzere wa mtsikanayu anatembenukira pakati n'kubwerera kutsogolo. Kope lake linachita kudutsa m'manja mwa anzake awiri kuti liwafike.

Magazi anandithamanga. Aphunzitsi a masamuwo anali bambo wamtali, wowonda, wofatsa, wotsala pang'ono kupuma pa ntchito. Ankabwera pa njinga yakalekale, atamanga mwendo wa thalauza ndi kamphira kuti usakodwe mu tcheni. Anali okhawo ophunzitsa masamu fomu fili ndi fomu folo. Ndinawadikirira m'chipinda cha aphunzitsi, ndipo asanaike n'komwe choko pansi ndinayamba. Ndinawafunsa kuti mwana uja anawalakwira chiyani. Ndinati ngati akudana ndi amayi obwerera ku sukulu anene poyera, tonse timve. Ndinayankhula zambiri, pakamwa panga pakatseguka sipamva mabuleki. Aphunzitsi ena anasiya kumwa tiyi n'kumangotiyang'ana.

Iwo anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenaka anapukuta choko m'manja n'kunena motsitsa mawu kuti, “Madamu, uyo ndi mkamwana wanga.”

Mkamwana ndiye mkazi wa mwana wako. Mwamuna wa mtsikana uja anali mwana wa achimwene awo aakulu, ndipo kumeneko mng'ono wa bambo ako ndi bambo ako, palibe zochotsera. Choncho aphunzitsi a masamu anali apongozi ake enieni. Mkamwana sayang'ana apongozi aamuna kumaso, sawayankhula, sakhala nawo pafupi, saima pamaso pawo miyendo ili pamtunda. Apongozinso chimodzimodzi, samutchula dzina, samuyandikira. Zimakhala choncho mpaka tsiku limene apongozi adzamumasule pomupatsa kanthu m'manja, nkhuku kapena mbuzi, abale akuona. Kwa iyeyu tsikulo linali lisanafike.

Ndinakhala pansi. Si kuti zaupongozi ndinali mlendo nazo. Kwathu ku Dowa ndinakula ndikuseka akamwini akulumphira m'chimanga akaona apongozi aakazi akubwera m'njira. Koma kwathuko palibe mkamwini amene anauzidwapo kuti aphunzire aljebura kwa munthu amene akumuthawayo. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi chimene aphunzitsiwo anandiuza pambuyo pake, choti banja linachita kusankha sukulu imeneyi dala. Masukulu ena analipo, koma anati apite kumene kuli bambo wamng'ono, azikamuyang'anira, pakuti mwamuna ali kutali. Anachita zimenezi pomufunira zabwino. Anatumiza mwana kwa munthu mmodzi yekhayo pa dziko lonse amene sakanatha kumufunsa funso.

Ndinayamba ndayesa ndekha. Ndinabwereka buku la masamu, madzulo n'kukhala naye pamkeka. Mayo ine, tinali ngati akhungu awiri otsogolerana pa mlatho. Tsamba loyamba lomwe ndinatuluka thukuta, mtsikana uja mpaka anandimvera chisoni n'kukandiphikira tiyi. Anzake a m'kalasi ankamuthandizako, koma nawonso masamu ankawagwira ndi nsonga za zala, akafunsidwa chifukwa chake ankangoti aphunzitsi anatero. Tsiku lina tikutsuka mbale anandiuza chimene chinkamudya mumtima. Anati khasu saliopa, anabadwa nalo. Koma akabwerera kumudzi chimanjamanja, mtsikana aliyense wa m'mudzimo akadzati akufuna sukulu adzamulozera iyeyo, ndipo woyamba kuuzidwa zimenezo adzakhala mwana wake yemwe. Ananena izi akupala mphika, osandiyang'ana.

Amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ndinadziona ngati mlendo ameneyo, ndipo pa tchuthi cha Pasaka, mtsikana uja ali kumudzi, ndinakwera minibasi ya ku Edingeni, n'kumalizira ulendo pa kabaza, kuti ndikaonane ndi apongozi aakulu. M'njira monse ndinkakonza mawu oti ndikalimbane ndi nkhalamba yaukali. Ndinakapeza kabambo kakafupi, kosekaseka, kamene kanandilandira ngati mlongo wake, n'kulamula kuti andiphere nkhuku. Inali nthawi ya fodya. Zigafa zinali zodzaza, ndipo mtsikana wanga uja ndinamupeza pansi pa chigafa akusoka fodya, zala zili bii. Amayi a pakhomopo ankayenda atagwira msana.

Bamboyo anandimvetsera bwinobwino, akugwedeza mutu, akuti mbwenu, mbwenu. Kenaka anakana, akumwetulira. Anati kumasula mkamwana si chinthu chochitira m'thumba. Mwana wawo ayenera kukhalapo, abale aitanidwe, thobwa liphikidwe. Mwanayo sangabwere msanga chifukwa mapepala ake ku Joni sali bwino, akatuluka sadzalowanso. Ndinafunsa ngati mng'ono wawo sangamumasule payekha, poti ndiye akumuphunzitsa. Anaseka n'kundifunsa ngati kwathu mng'ono amatsogola kulowa pakhomo mkulu ataima panja. Pomaliza anandilozera munda, n'kundilozeranso msana wa akazi awo. Anati iwo mawu awo sasintha, mwayi anapereka, koma mtsikanayo akalephera asadzati anamulakwira, pakuti pakhomopo manja akusowa. Sanali munthu woipa ayi. Ine ndinapsa mtimabe, ndipo nkhuku yawo ndinadya ndili chipsere mtima.

Kalumo kanga kanali kobuntha. Koma ndikudikira wa kabaza kuti adzanditenge, ndinaona kanthu. Mtsikana uja anatuluka kuseri kwa nyumba, n'kugwada patali, chammbali, n'kuitana kamwana kake kamene kankasewera ndi zitsononkho. Anakauza mokweza ndithu kuti kakauze agogo kuti madzi ali kubafa. Kamwanako sikanatukule n'komwe mutu. Agogowo, amene anamva zonse ndi makutu awo, anayang'ana kamwana komweko n'kunena kuti kauze amayi ake kuti amva, yewo. Ndipo ananyamuka kukasamba. Nkhani yatha, palibe amene wayankhula ndi mnzake, palibenso mwambo umene wathyoka.

Pa kabaza paja ndinkangoseka ndekha, mpaka wopalasayo anatembenuka kundiyang'ana. Ngati kamwana kosadziwa kupukuta mamina kangathe ntchito imeneyo, ine ingandikanike?

Sukulu itatsegulidwa ndinawauza aphunzitsi a masamu maganizo anga. Anasisita chibwano, kenaka anati palibe chimene chikulakwika pamenepo. Anabweretsa okha kathabwa kosalala kamene anakapaka utoto wakuda. Tinakatsamiritsa pa mzati wa khonde langa, moyang'anizana ndi zenera la pabalaza. Iwo ankakhala pampando pambali pake, atafulatira nyumba, nkhope kumsewu. Mtsikana ankagwada m'nyumba kuseri kwa katani, ataipatula pang'ono poti aone bolodi lokha. Ine ndinkakhala pakhomo, mwendo wina mkati wina panja, ngati mlonda.

Akaweruka ku sukulu ankabwera, kuimika njinga pa mtengo wa mapeyala, kumasula kamphira ka kumwendo, n'kuyamba. Ankalemba pa bolodi, n'kubwerera pampando wawo, n'kunena kuti, “Madamu, auzeni amama kuti nambala ikawoloka mizere iwiri iyo, ngati inali pulasi imasanduka mainasi.” Mkamwana wawo ankamutchula amama. Ine ndinkatembenukira kuzenera n'kubwereza. Kenaka kuseri kwa katani kamawu kankatuluka: “Madamu, afunseni adada chifukwa chake imasintha.”

Funso loyamba limenelo sindidzaliiwala. Bambo uja anatseka maso, n'kupuma mozama ngati munthu amene wamwa madzi atayenda ulendo wautali. Anandiuza pambuyo pake kuti chaka chonse ankadziwa kuti pa desiki la kumapeto pali mafunso, ankawamva ngati mwala mu nsapato, koma analibe njira yowatolera.

Mafunso anali ambiri zedi. Mtsikana uja anali atawasunga ngati chimanga m'nkhokwe, ena a fomu wanu enieni. Aphunzitsi anabwerera naye mpaka kumayambiriro, osatopa, osakweza mawu. Vuto linali ine. Mawu ankalowa m'khutu langa ali bwinobwino, potuluka pakamwa atapindika. Tsiku lina anati ndiwauze amama kuti mainasi kutaimusa ndi mainasi yankho limakhala pulasi. Ine mutu wanga unakana. Zoipa ziwiri zikakumana zingabale bwanji chabwino? Ndinatembenukira kuzenera n'kulengeza molimba mtima kuti mainasi ndi mainasi ndi mainasi wamkulu.

“Pulasi!” Mawu anachokera mbali ziwiri nthawi imodzi, pampando ndi kuseri kwa katani.

Kanali koyamba mawu awo kukumana opanda ine pakati. Katani inatsekeka msangamsanga. Aphunzitsi anayang'anitsitsa kumsewu ngati kukudutsa chinthu chodabwitsa, koma mapewa awo ankagwedera. M'nyumbamo ndinamva munthu akudzitseka pakamwa ndi chitenje. Ndinawakalipira onse awiri kuti akapitiriza kundiseka apeze mtenga wina. Kuyambira tsikulo ndinasiya kubwereza zonse. Ndinkangoti “mwamva” kapena “akuti chonchotu”, monga kamwana kaja ka zitsononkho, bola ndikhalepo.

Anthu a pa Boma sanachedwe. Bambo wokwatira kumakhala pakhonde la mayi wosakhala pabanja madzulo aliwonse, nkhani inafika kumsika isanafike kwa ine. Wogulitsa tomato wina anandifunsa akumwetulira ngati masamu akulowa. Ndinamuyankha zoti sindingazilembe, ndipo tomato wake sindinagulenso. Akazi a aphunzitsiwo anabwera tsiku lina osanena, n'kukhala pansi pa mtengo wa mapeyala, kuonerera mpaka phunziro linatha. Kenaka anatsanzika n'kupita. Mawa lake amuna awo anabwera ndi mbatata pa kaliyala, akuti zachokera kunyumba, za amama ndi Madamu.

Tinalowa fomu folo tili pakhonde pomwepo. Mvula ikabwera chammbali tinkakokera bolodi pafupi ndi khoma, iwo n'kufunda jekete kumutu, osalola kulowa m'nyumba muli mkamwana. Malikisi anayamba kukwera, osati modumpha, koma ngati mwana wophunzira kuyenda, kugwa, kudzuka. Pa tchuthi chilichonse mtsikana uja ankapita kumudzi kukalima, n'kubwerako ataiwala zina, manja atachita zikang'a, ife n'kuyambiranso. Masiku ena ankalira kuseri kwa katani, makamaka pa masamu a ngodya ndi magalafu. Aphunzitsi akamva kufwenthera ankangoti ndiwauze amama kuti apume kaye, bolodi silithawa. M'kalasi zinthu sizinasinthe. Chitenje, nkhope kukhoma, kope kudutsa m'manja mwa anzake. Koma tsopano ankadziwa chimene chili pa bolodi asanachione.

Cha mu Febuluwale aphunzitsi anabwera ndi msoti wofiira, ataumanga miyendo, uli pa kaliyala. Anandipatsa kuti ndiwasungire. Ananena motsitsa, koma osati motsitsa kwambiri moti wa kuzenera asamve. Anati zotsatira zikadzatuluka adzaupereka okha m'manja mwa amama, achimwene awo adzanene zimene adzanene. Akhala akumvera mkulu wawo moyo wawo wonse, kamodzi kokha aka adzawakhululukira. Anati akufuna kuti zotsatirazo adzazimve kuchokera pakamwa pa mwiniwake, osati pakamwa pa Madamu pamene pamapinda nambala.

Nkhuku imeneyo inandisautsa. Inafukula mpiru wanga wonse, inkalowa m'nyumba n'kukwera patebulo, ndipo ndinkaiopseza ndi mpeni tsiku lililonse. Mtsikana uja ndiye ankaipatsa madeya m'mawa asanapite ku sukulu, koma sankaigwira.

Aphunzitsiwo anali ndi matenda a shuga, ndipo ankawabisa ngati ndi mlandu. Ndinayamba kuona kuti njinga sakukweranso, akungoikankha. Kenaka phazi lina analowetsa mu silipasi, atalikulunga nsalu. Ndinawakalipira kuti apite kuchipatala, iwo n'kumati apita mayeso akatha, silabasi sinathe. Ndinati silabasi idzawaika m'manda. Mawu amenewo ndinawanena mokalipa monga ndimanenera zonse, ndipo mpaka lero amandiwawa ndikawakumbukira. Kuzizira kwa mu Juni kutayamba, kuja kwa ku Mzimba kolowa m'mafupa, anagonekedwa pa chipatala cha pa Boma, mayeso atatsala pang'ono.

Ndinapita kukawaona nthawi ya masana. Anali atatheratu, maso okha. Chinthu choyamba kundifunsa chinali chakuti amama afika pati ndi mapepala akale a mayeso amene anawasiyira. Ndinati ali panja, akana kulowa. Bedi lawo linali pafupi ndi zenera, ndiye anandiuza kuti ndikamuuze azungulire kuseri. Mtsikana uja anakagwada pansi pa zenera la wodi, pa kapinga, anthu odikirira odwala akumudabwa. Ine ndinakhala pamphepete pa bedi. Panalibe bolodi. Ankayankhula pang'onopang'ono, akupumira, za funso lina la galafu limene linkamuvuta, ine n'kumaponyera mawuwo panja. Odwala a m'mabedi oyandikana anasiya kubuula n'kumamvetsera. Atatopa anati ndiwauze amama kuti asayambe ndi funso loyamba chifukwa choti ndi loyamba, ayambe ndi limene akulidziwa, ndipo asasiye malo opanda kanthu. Kuchokera panja kunabwera mawu akuti ndiwauze adada kuti wamva, yewo chomene. Limenelo linali phunziro lomaliza.

Mtsikana uja mayeso analemba. Tsiku la masamu atabwerako anangokhala pakhonde n'kumayang'ana bolodi lija, limene linali likadali ndi manambala a tsiku lomaliza. Ndinafunsa kuti zayenda bwanji, iye anati sanasiye malo opanda kanthu. Ndinakawauza aphunzitsi kuchipatala, anamwetulira. Mayeso atatha mtsikana uja analongedza katundu n'kubwerera kumudzi kukadikira.

Aphunzitsi anamwalira mu Ogasiti, mphepo ya fumbi ikuwomba. Maliro anakaikidwa kumudzi kuja. Tinapita aphunzitsi tonse ndi ana a sukulu pa lole. Mtsikana uja ndinamupeza ali pa ntchito ya akamwana, kutunga madzi, kusonkha moto, maso atatupa. Apongozi aakulu aja, kabambo kosekaseka kaja, anali atakhala pa mpando ngati mwana wotayika. Atandiona anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kunena kuti amene amayenera kutsogola ndi iwo, mng'ono wawo walowa pakhomo mkulu ataima panja.

Nthawi yoona nkhope itakwana, anthu anandanda. Ndinapita kukamutenga kumoto kuja, ndinamugwira pamkono, ndinati tiye ukawaone, ndapota nawe, ndi komaliza. Anakana. Ndinamukoka ndithu, mtima wanga uja utayambanso, ndikumuuza kuti mwambo wake wawononga kale zokwanira. Anachotsa dzanja langa mofatsa.

“Sanandimasule, Madamu,” anatero. “Ine ndimawadziwa mawu ndi nsapato. Zimenezo zindikwanira.”

Ndinapita ndekha pa mzere. Ndinawayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene zimayenera kukhalira, mpaka wa kumbuyo kwanga anandikhudza paphewa. Ndinkati mwina ndiwayang'anire tonse awiri, koma zimenezo sizitumizika.

Zotsatira zinatuluka kukutentha, mitengo ya m'mapiri itayamba kuphuka masamba ofiira. Mtsikana uja ndinamuimbira foni kuti abwere. Anafika masana, fumbi lili m'miyendo, n'kupita ku ofesi ya ahedi, ine ndikudikira panja ngati ndine ndinalemba. Anatuluka akuyenda pang'onopang'ono. Anali atakhoza, ndipo masamu anapeza kirediti. Sinali yapamwamba, koma inali yokwanira kumutsegulira chitseko cha koleji. Apongozi ake anasunga mawu awo. Lero mtsikanayo akuphunzitsa pa pulayimale ina cha ku Champhira, ndipo mwana wake akukhala naye. Tsiku la zotsatiralo ndinalulutira pakati pa sukulu, ana akundiyang'ana, ine osasamala. Iye sanaseke, sanalire. Anangoti tipite kunyumba.

Titafika, nkhuku ija inali pabwalo ndi anapiye ake, ikufukula pamene panali mpiru wanga. Ndinati ndiigwire ndimupatse, ndi yake. Anapukusa mutu, nati si ine woyenera kumupatsa. Ndinaisiya. Inakhala pakhomo panga mpaka inafa yokha ndi chitopa, sindinaidye.

Mpando uja unali ukadali pakhonde, chifukwa ndinkalephera kuuchotsa. Bolodi ndinali nditalitembenuzira kukhoma. Ndinkaganiza kuti tikhala pamkeka timwe tiyi, koma iye anatulutsa chitenje m'chikwama, n'kuchimanga, n'kulowa m'nyumba. Ndinamva akugwada kuseri kwa katani. Miyendo yanga inandipititsa yokha pakhomo, mwendo wina mkati wina panja.

“Madamu,” anatero, “auzeni adada kuti ndakhoza.”

Ndinatembenukira kumpando kuja, umene unali utayang'ana kumsewu monga kale, n'kunena mokweza bwinobwino, osapinda nambala, kuti amama akuti akhoza, masamu apeza kirediti.

Kumsewu kunadutsa wa kabaza atanyamula thumba la makala. Katani inali itapatuka pang'ono, ndipo mtsikana uja anali chigwadire, akudikira monga ankadikirira masiku onse kuti ndimubweretsere yankho. Ndinakhala pakhomopo mpaka dzuwa linapendeka, ndilibe mawu oti ndibwerere nawo.